Injini Ikalira Koma Mota Osathamanga, Tsika

Zobue, Lachisanu masana

Tino mwana wanga,

Pamene ukuwerenga kalatayi ndikudziwa kuti wapisa kale m'matumba onse kufuna kiyi wa mota yako, njinga yamoto ija, mwinanso wayamba kukalipira ang'ono ako. Asiye anawo, alibe mlandu. Kiyi ndinatenga ndine ndipo ndasungitsa mayi ako. Akupatsa ukawerenga mpaka pamene pali dzina langa, osati kulekeza pakati.

Ndikulemba ndili pansi pa chisakasa cha ofisina yanga yokonzera njinga zamoto, manja akununkhabe oyilo, ndiye madontho ukuwaona papepalawa usadabwe nawo. Mawa m'mawa ukutsikira ku Moatize ndi mkazi wako Filomena, kukakhala kwa apongozi ako kudera la 25 de Setembro n'kumanyamula anthu pa mota. Pamaso pa apongozi ndidzayamba kukutchula kuti inu, monga ayenera kutchulidwira mwamuna wapabanja. Lero lokha undilole ndinene kuti iwe, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi sizituluka bwino ndi ulemu.

Za banja sindikuuza kanthu. Ankhoswe akuuza kale mpaka makutu ako atopa, ndipo kunena zoona amene wayendetsa banja lino zaka zonsezi ndi mayi ako, ine ndimangokhala kumbuyo ngati thumba la mbatata. Ine ndikuuza za kilachi, ija anzako a ku Moatize amati embrayaji. Ndikudziwa waseka. Anzako akamapita kuchikamwini amapatsidwa khasu ndi malangizo a ulemu, iwe bambo ako akukupatsa phunziro la umakaniko. Seka ndithu, koma uwerenge. Ndili ndi mantha, Tino. Chiyambireni Lachitatu chakudya sichikutsika bwino.

Lachitatu lija unkakwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi utamanga mipando ya ukwati ndi matumba awiri kumbuyo. Ine ndinali kuno, mayi ako ali pakhonde kusankha nyemba. Tinamva injini yako ikulira mokweza, koma mota ikubwera ngati ikukokedwa ndi ng'ombe. Utaima pabwalo kunamveka kafungo ngati ka nsanza yopserera. Iwe unatsika ukuimba mluzu n'kulowa m'nyumba. Mayi ako anaika lichero pansi, anabwera kuno ndi ndodo yawo, nati, "Bambo a Tino, mwamva?"

Ine ndinati, "Ndamva."

"Nanga mwanunkhiza?"

Ndinapitiriza kupukuta sipanala. Iwo anati, "Mukapanda kumuuza inu, ndimuuza ndine. Koma ndikamuuza ine, sadzakuyang'ananinso kumaso."

Katatu ndakuitana kuti tikhale pansi, katatu konse ndathera kukufunsa za matayala. Pakamwa pandikanika, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Uyambe wadziwa chimene dzanja lako lamanzere limagwira tsiku lonse. M'kati mwa injini, mbali ya kumanja, muli timbale tosanjikizana. Tina n'tachitsulo chosalala, tina tili ndi khungu lokhakhala, ndipo timasinthana, kena kosalala kena kokhakhala, tonse tili m'oyilo. Masipulingi anayi amatifinya pamodzi. Tikafinyana, mphamvu ya injini imafika kutayala lakumbuyo. Ukakoka chogwirira cha kumanzere, waya amakankha masipulingi aja, timbale timalekana, injini imazungulira yokha ndipo iwe umasintha giya. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Moyo wako ndi wa amene wamunyamula uli pa kakhungu kopyapyala kuposa chikhadabo. Kakhunguko kakatha, timbale timaterereka, injini imakuwa koma tayala silimva. Ndiye mawu anga ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka unyansidwe nawo: injini ikalira koma mota osathamanga, tsika.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa oyilo. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi imene malonda a malasha anatentha ku Moatize. Ife amene tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha tinali tisanaonepo zotere. Anthu anadzaza tauni, nyumba zodyera zinamera paliponse, ndipo aliyense ankafuna mbatata ya kachewere ya kuno kumapiri. Ndinagula mota yofiira ija umaiona pachithunzi, n'kumatsitsa mbatata kawiri pa sabata. Tsiku lina munthu wina wogwira ntchito m'galaja ya magalimoto a mabwana anandipatsa oyilo m'botolo la madzi akumwa. Anali woyera ngati uchi. Anati, "Kompadre, uyu ndi wa magalimoto a azungu, mota yako iuluka." Ndinathira ndikunyada, ndipo ndinauza aliyense pamsika kuti yanga imamwa za mabwana. Sindinadziwe kuti oyilo wa galimoto amamupanga woterera kwambiri, pamene timbale ta mota timafuna oyilo wotilola kugwirana. Safunsa anadya phula. Pasanathe mwezi, mota inayamba kulira pachitunda. Iwe ku Moatize ukapeza mabotolo otere ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Usagule. Gula wa m'chitini chotseka, chojambulidwa njinga yamoto.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa dzanja langali. Mota itayamba ulesi, ndinazolowera kukwera zitunda nditakoka kilachi theka, ndikuipatsa moto wambiri, kuti isazime ndi katundu. Ndinkayesa ndi luso. Kumeneko kunali kupera timbale ngati chimanga pamphero, ndipo kutentha kwake kunkapsereza khungu lija. Kuwonjeza apo ndinakunga waya kuti chogwirira chizimva msanga, osasiya mpata ngakhale pang'ono. Waya wokungika chotero amakhala akukoka kilachi ngakhale dzanja lili phee, ndiye timbale sitigwirana mokwanira ulendo wonse. Chogwirira chiyenera kuyamba chasewera pang'ono chisanayambe kulimba, mpata wolowa kamtengo ka machesi. Uziyesa m'mawa uliwonse usanalize injini. Pachitunda tsitsa giya, dzanja ulichotsepo. Ngati giya yoyamba ikukanika, katundu wachuluka, tsitsa thumba limodzi ubwererenso. Palibe amene anafa chifukwa choyenda kawiri.

Pamenepo ndinapita kwa a Mestre Jusa, mkulu wina wokonza njinga zamoto amene anali ndi ofisina kufupi ndi msika wa ku Moatize. Anamwalira iwe usanawadziwe bwino. Sanatsegule n'komwe injini. Anaikwera, anaika giya yomaliza akuyenda pang'onopang'ono, anaipatsa moto wonse, injini inakuwa mota ili chiyendere chomwecho. Anabwerera n'kunena kuti, "Epa, Alfonso, timbale tatha. Siya mota pano, mawa madzulo udzatenge."

Ine ndinati, "Mestre, mawa ndi tsiku la mbatata, anthu akundidikira."

Iwo anati, "Mbatata siithawa, mwanawe. Ukufuna uikidwe m'manda ndi matumba ako?"

Ndinaseka n'kuliza mota. M'mutu mwanga ndinkati nkhalambayi ikungofuna ntchito.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene kwandilembetsa kalatayi. Madalaivala anzanga a pamalire anandiuza nzeru yachidule. Anati usavutike ndi timbale tatsopano, ingoika washala, kachitsulo kaphanthi koboola pakati, pansi pa sipulingi iliyonse, masipulingi afinya mwamphamvu ndipo mota ikhala ngati yatsopano. Ankati kumeneko ndiko kuikweza mphamvu. Ndinaika mawashala anayi Loweruka masana, pansi pa mtengo wa mango uja tinadula. Ndipo zinathekadi, Tino, ndicho choopsa chake. Kuterereka kunaleka. Chogwirira chinalimba mpaka dzanja linkachita dzanzi, koma mota inkakwera chitunda cha kutchalitchi ngati mbuzi. Ndinayenda masabata atatu ndikudzitcha katswiri. Koma washala sabweza khungu limene latha. Amangotseka pakamwa mota kuti isakuuze kuti ikudwala, kwinaku timbale tikupsa mwakachetechete.

Tsiku lina mayi ako anati apite nawo ku Moatize kukagula nsalu. Anali ndi pakati pa miyezi isanu. Iwe sunadziwe, unali mwana, ndipo zotere sitiuza ana. Ndinamanga thumba limodzi kumbuyo, iwo anakhala pakati. Titadutsa Kambulatsitsi dzuwa linali litakwera, kutentha kwa kuchigwa kutayamba. Anandigwira paphewa nati, "Bambo a Tino, mota ikununkha ngati nsanza yopserera."

Ndinawayankha kuti, "Mwayamba liti umakaniko? Gwirani bwino, tachedwa."

Mawu amenewo ndimawamva mpaka lero. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kilachi imaimba, mwana wanga. Inaimba kwa a Mestre, inaimba m'mphuno mwa mayi ako, ine ndi amene ndinatseka makutu.

Patsogolo pathu panali kamiyau, lole yaitali yodzaza katundu, ikukwawa pakachitunda, utsi ndi fumbi zonse kumaso kwathu. Ndinasuzumira, ndinaona ina ikubwera kutsogolo koma ili patali. Ndinati ndidutsa, ndadutsapo zambiri. Ndinatulukira kumanja n'kuipatsa moto. Mpaka pakati pa kamiyau ija zonse zinali bwino. Kenako injini inakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo, koma mota inangokhala pomwepo, pambali pa matayala aatali ngati munthu. Ndinapotokola dzanja mpaka pamapeto. Palibe. Ya kutsogolo ija inali itafika, ikuliza hutala, nyale zikuphethira. Kubwerera kumbuyo kunali kosatheka, kupita kutsogolo kunali kosatheka. Mayi ako sanakuwe. Anangondikumbatira mwamphamvu n'kutchula dzina lako. Ndinakhotera kumanja kunja kwa msewu, tinagwera m'ngalande ya miyala, ndipo mota ndi thumba zinagwera pa mwendo wawo.

Ine ndinangosupuka pachigongono. Dalaivala wa kamiyau ya kutsogolo ija anaima, ndipo ndi iyeyo amene anatinyamula kupita nafe kuchipatala ku Tete. Mwendo anaulumikiza, koma unatsala waufupi monga ukuudziwa. Mimba inapita padera tsiku lachiwiri. Anamwino anati anali wamkazi. Ukanakhala ndi mlongo wina, Tino, bwenzi pano ali namwali, akuthandiza kuphika za ukwati wako.

Abale atabwera kudzazonda, malume ako anafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Mayi ako ali chigonere anati, "Kamiyau inatipanikiza." Nkhani inathera pomwepo. Iwe wakula ukutukwana madalaivala a makamiyau, ndipo ine ndinkakumva osakuuza zoona. Munthu amene unkamutukwanayo ndi amene anapulumutsa mayi ako. Amene anawalumaza ndi amene akukulemberayu. Zoti ndinasiya kukwera mota chifukwa cha msana zinalinso zabodza. Msana wanga ulibe vuto. Ndi mantha amene amandiletsa kukhala pachishalo.

Mota yophwanyikayo ndinaikokera kwa a Mestre. Anatsegula injini ine ndili pomwepo. Timbale tinatuluka takuda, tosalala ngati galasi, tachitsulo tija titasanduka tobiriwira ndi moto. Atamasula masipulingi, mawashala anagwera m'beseni, ngwee. Anawatola mmodzimmodzi, anatsegula dzanja langa, anawaika m'menemo n'kulitseka. Sanandikalipire. Anangoti, "Lolemba ubwere, ndikuphunzitse ntchito. Munthu amene waona zimenezi sadzaikanso washala m'mota ya mnzake." Umakaniko wanga unayambira pamenepo. Ndinakhala nawo miyezi isanu ndi itatu, ndikugona m'ofisina, iwe uli kwa agogo ako.

Tsono uganize mmene mtima wanga unachitira lero m'mawa. Iwe utapita ndi ankhoswe kukatsanzika kwa abusa, ndinakankhira mota yako kuno n'kuitsegula. Ndikudziwa sulola kuti ndiigwire. Umati ine ndimachedwa, ndimakonza zachikale, ndipo unauza mng'ono wako kuti tsobola wakale sawawa. Anandiuza, usamumenye. Umapita kwa anzako a pamalire amene amamaliza ntchito munthu asanamalize kumwa fanta. Ndinamasula masipulingi, ndipo m'beseni munagwera mawashala anayi. Kulira kwake kunali komwe kuja. Ndinakhala pansi padothi nthawi yaitali ndisanathe kugwiranso sipanala.

Sindikukukalipira. Ndingakukalipire bwanji, poti wayenda m'mapazi anga osadziwa kuti ndi anga? Ndikanakuuza zoona uli wamng'ono, sukanalola munthu kuika zimenezi m'mota yako. Bodza langa ndi limene linaika mawashala amenewo.

Tamvera zimene ndachita. Timbale tako tinali titatha, tiwiri titayamba kale kupsa. Ndaika tatsopano, ndipo ndinayamba ndativiika m'oyilo kuyambira m'mawa, chifukwa touma timapsa tsiku loyamba lomwelo. Tachitsulo ndinatigoneka pagalasi la zenera kuti ndione ngati tapindika, kamodzi kanali kopindika ndipo ndasintha. Masipulingi ako anali atafupika ndi kutopa, ndaika ena. Oyilo ndakhetsa yense, ndathira wa njinga yamoto. Waya ndamudontheza oyilo n'kusiya mpata wa kamtengo ka machesi, ndipo wina wapadera ndamumangirira pansi pa chishalo. Ukagwira chogwirira uona chafewa, ndipo mtima wako ukuuza kuti mdala wafooketsa mota. Sinafooke. Umo ndi mmene inalili tsiku limene inatuluka m'sitolo, unangoiwala. Masiku oyambawa uyende nayo mofatsa kuti timbale tikhazikike.

Ukadzaona kuti ntchito ya ku Moatize ikufunadi kilachi yamphamvu, njira yake ilipo yoona. Amagulitsa masipulingi olimbirapo opangidwira mota ya mtundu wako, ndi timbale ta khungu lopirira kutentha. Uzisintha zonse pamodzi, osati kuika masipulingi olimba pa timbale takutha. Udziwenso kuti masipulingi olimba amatopetsa dzanja ndipo amadula waya msanga, ndiye wapadera uja asamachoke pansi pa chishalo. Pomanga mabawuti uzimanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono, chifukwa ukalimbitsa ndi ukali amathyokera m'kati. Koma ngakhale utaika zabwino zotani, mota yako ndi yaing'ono. Si ngolo. M'tauni mudzakhala kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, m'fumbi la malasha ndi dzuwa lija limasungunula phula, ndipo pamenepo timbale timatha msanga kuposa kuno kozizira. Poima uziichotsa giya n'kuiika pa ziro, osati kudikira utakoka chogwirira. Ukaona mota ikukwawa yokha chikhalirecho wakoka kilachi yonse, kapena ziro ikuvuta kupeza, usafike nayo panjanji ya sitima ya malasha. Kamodzi pa sabata, pamsewu wopanda anthu, uziyesa muja anayesera a Mestre. Ndipo injini ikalira koma mota osathamanga, tsika. Ngakhale wanyamula bwana wothamangira ndege, tsika. Akutukwane, ukafike kunyumba ndi matusi akewo.

Mawa ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Kuchokera pano mpaka ku 25 de Setembro usadutse kamiyau ngakhale imodzi. Ngakhale ikukwawa ngati kamba, khala kumbuyo kwake patali, udye fumbi. Apongozi ako akadikira. Katundu wa Filomena ndakambirana kale ndi malume ako, abwera pa minibasi Lolemba, ndiye usamange kanthu kumbuyo. Ndipo mkazi wako akakugwira paphewa n'kunena kuti akumva fungo, kapena kuti mtima wake sukumva bwino, usamufunse kuti wayamba liti umakaniko. Ima.

Pali china chimene si cha mwamuna kunena, makamaka za mpongozi wake, ndipo Mulungu andikhululukire pochilemba. Mayi ako ali ndi maso. Aona mmene Filomena akukanira nsomba, ndi mmene akumangira chitenje masiku ano. Sanauze munthu wina koma ine, ndipo ine sindiuza munthu. Mwina inu awiri mukuyesa kuti ndi chinsinsi chanu. Koma mawa pa mota imeneyo mukhala anthu atatu, pamsewu womwe uja, kudutsa pa Kambulatsitsi pomwe paja. N'chifukwa chake chakudya chikundikanika.

M'envulopu muno mukulemera, wamva kale. Khuthulira m'dzanja lako. Muli mawashala asanu ndi atatu. Anayi ndi ako a lero, anayi ndi anga amene a Mestre anandifumbatitsa. Ndinkayesa ndinawabisa bwino m'chitini cha misomali, koma lero mayi ako ndi amene anakawatenga osafunsa pamene ali. Ndawasakaniza. Yesa kusiyanitsa ako ndi anga, ine ndalephera.

Ukafuna kundida chifukwa cha mlongo wako ndi chifukwa cha bodza la zaka zonsezi, undide, uli ndi chifukwa. Ukhoza kunyamuka osanditsanzika, sindidzadandaula kwa munthu. Koma undide uli moyo, ndipo mukafika uimbe foni ya mayi ako, ngakhale kungoliza kamodzi n'kudula.

Tsopano pinda kalatayi upite pabwalo ukaime pafupi ndi mota. Mayi ako akhala ali pakhonde ndi kiyi. Ndawapempha kuti asatume mwana, abweretse okha, ndipo avomera. Usawathamangire kukawalandira monga umachitira masiku onse. Ima pomwepo, uwayang'ane akuyenda kuchokera pakhonde mpaka pamene uli, phazi lililonse. Ukatero ulandire kiyi.

Ndine bambo ako amene akuopa,
Alfonso